Sitepe Yachisanu

Anayambitsa ngoziyo ndi Gunhild wa lipenga lalikulu. Anaponda chidendene cha woimba ng'oma, wa ng'omayo n'kudzandira mpaka kukagwira khoma, mzere wonse wa bandi ya ku Skarvik n'kupindika pakati pa holo ya sukulu. A Arnfinn, wotsogolera bandiyo, anatsitsa kandodo kawo.

"Basi, basi! Imani musanaphane."

Kanali kachinayi kusokonezeka pamalo omwewo. Anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, ena a imvi zawo, anthu oti anayamba kuguba ali ana, lero mapazi awakanira. Wina anaseka, wina anatukwana chapansipansi.

Ranveig anali pa benchi kukhoma, mapepala ali pamiyendo. Nyimboyo inali yake. Anabadwira konkuno, koma kwa zaka makumi atatu wakhala ku Oslo akupeka nyimbo za magulu akuluakulu oimba, zija zimamveka pa wailesi Lamulungu masana anthu akuwodzera. Chaka chimenecho bandi yathu imakwanitsa zaka zana, ndiye a komiti anati mwana wakwathu atilembere nyimbo yogubira ya pa 17 Meyi, tsiku la mbendera. Ranveig anavomera tsiku lomwelo, koma chifukwa chake sanauze munthu. Pa tsikulo bandi imadutsa pansi pa khonde la nyumba ya okalamba, ndipo pakhondepo pamakhala mayi ake, a Oddny. Mayiwo anali asanamvetserepo nyimbo ya mwana wawo n'imodzi yomwe mpaka kumapeto.

A Arnfinn anabwera akupukuta thukuta pa dazi. Ndi iwo amene anamugwiritsa lipenga koyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndiye kwa iwo Ranveig anali akadali kamtsikana kaja kophonya mizere.

"Iwe Ranveig, munthu ali ndi miyendo ingati?"

"Iwiri, aphunzitsi."

"Eya. Ndimayesa ku Oslo munameretsa wachitatu. Manzere, manja, manzere, manja, nyimbo yogubira ndi imeneyo. Iwe ukuwerenga kasanu! Ng'oma ikugwera kumanzere, tikati tiponde yagwera kumanja. Gunhild watsala pang'ono kupha munthu."

"Sindinamuphe, ndangomudzutsa," anatero Gunhild, mutu uli kuseri kwa lipenga.

"Chotsa sitepe yachisanuyi," anapitiriza a Arnfinn. "Zina zonse tipirira."

"Sitepe yachisanuyo ndiye nyimboyo." Ranveig anaimirira, n'kutambasula dzanja lamanzere ngati wagonekapo nsomba. "Gwira, cheka, tembenuza, cheka, ponya. Kasanu. Amayi ankatero, amayi a Gunhild ankatero, theka la amayi a tauni ino ankatero pa lamba woyendetsa nsomba m'fakitale kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndikachotsa kuponyako, nsomba ikhala m'manja."

Fakitaleyo inatsekedwa zaka makumi awiri zapitazo, koma palibe amene anafunsa kuti akunena chiyani.

A Arnfinn anamugwira pachigongono, n'kumutembenuzira kukhoma la kutsogolo. Pamenepo pamakhala zithunzi zitatu za akuluakulu opeka nyimbo, onse a ndevu, onse akuyang'ana kutali ngati amva kuitana.

"Tawaona awa. Anaimba mapiri, anaimba mathithi, anaimba amuna akulimbana ndi nyanja. Munthu ukamva umadziwa kuti ndili kwathu. Nyimbo ya dziko imatero, mwana wanga. Tsiku la mbendera anthu avala zovala za makolo, safuna kununkhiza matumbo a nsomba."

"Nanga amuna olimbana ndi nyanjawo akafika padoko, nsombazo ankazisiya m'manja mwa ndani?"

A Arnfinn sanali munthu wankhanza, anali munthu wa mzere wowongoka basi. Anapumira m'mwamba.

"Lachinayi tikumananso. Ukabwera nayo ya anthu a miyendo iwiri, tiimba yako. Apo ayi, tiimba yakale ija, palibe anafa nayo."

Potuluka, Ranveig anali akuwira. Nkhani ya mapiriyi inamutopetsa kalekale. Ku Oslo, chilichonse chimene angalembe, akuluakulu olemba m'nyuzipepala amamvamo chisanu cha kumpoto. Tsiku lina anapeka nyimbo ya makina ochapira zovala a pansi pa nyumba imene amakhala, ikuzungulira monga amazungulirira makinawo, iwo n'kulemba kuti mayiyu watimvetsa kulira kwa madzi oundana. Pachikuto cha chimbale n'kumuikira phiri. Phiri! Iye wobadwira kuseri kwa fakitale, kumene ukatsegula zenera chimene chimayamba kulowa ndi fungo. Tsono nyimbo iyi anailemba kuti pasapezeke womvamo phiri. Anaichedwetsa, anailemeretsa, ndipo pachisanupo anaikapo ng'oma yaikulu, dii, ngati thumba lagwa pansi. Poilemba ankaona mayi ake ataweruka, atakhala kukhitchini, manja otupa ali m'beseni la madzi ofunda, osalankhula ndi munthu. Analira poilemba, ndipo sankachita nazo manyazi.

M'mawa mwake chakumasana anapita kunyumba ya okalamba. A Oddny anali m'chipinda chochezera pafupi ndi zenera, kamunthu kakang'ono ka zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, zala zokhota, maso akuthwa. Mtima wawo ndiye unali utatopa. Mwezi wa Malichi dokotala anamuuza Ranveig pakhomo, mwaulemu wake, kuti za chaka chamawa asamazikonze kwambiri. Pambali pawo panali a Borghild, ogontha khutu limodzi, amene anaima nawo phewa ndi phewa pa lamba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Wabwera wa ku Oslo," anatero a Oddny. "Borghild, ndinakuuza za wailesi ija?"

Anali atawauza kambirimbiri, koma anafotokozabe. Akuti tsiku lina anamva kuti nyimbo ya mwana wawo iulutsidwa, anatsegula wailesi, anamvetsera mphindi ziwiri, kenako anakaitana mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo kuti adzaone chimene chawonongeka. A Borghild anaseka ngati akumva koyamba. Ranveig anasekanso, monga amachitira nthawi zonse, ndipo zinamupweteka pamalo pomwe zimamupwetekera nthawi zonse.

Iye ankafuna kuti nyimboyo mayi ake adzaimve mwadzidzidzi, ikukwera msewu ndi malipenga ndi mbendera. Koma Lachinayi linali pafupi, ndipo mantha anamugwira kuti mwina sidzakwera msewu n'komwe. Pakona panali piyano yakale yoimbira nyimbo za mapemphero.

"Amayi, ndikuimbireni kanthu."

"Kotalika?"

"Mphindi zinayi."

"Imba, keke isanabwere."

Anaimba. Anaimba ndi mtima wonse, osayang'ana kumbuyo, pachisanu paliponse dzanja lamanzere likugwa molemera. Atamaliza anasiya manja pamiyendo. A Borghild anawomba m'manja kawiri, mwaulemu. Ranveig anatembenuka.

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Oddny.

"Palibe wamwalira, amayi. Ndi inuyo. Inu ndi a Borghild ndi amayi onse a pa lamba. Tamverani, gwira, cheka, tembenuza..."

"Ife?" A Oddny anaweramira kukhutu labwino la mnzawo. "Borghild! Ati ndife amenewo!"

"Ndani?"

"Ife! Tikucheka nsomba!"

A Borghild anayang'ana piyano, anayang'ana Ranveig, kenako anaphulika kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mayo ine! Tikanacheka choncho, nsomba zikanaola tisanafike kumchira."

Ranveig, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, woti anthu amaimirira akalowa m'holo zikuluzikulu, anangomva ngati wavala diresi chakumbuyo.

"Koma munkavutika, amayi. Ndinkakuonani ine. Manja otupa, msana, osatha n'kulankhula komwe."

"Unkandiona nditaweruka. Ndani amaoneka bwino ataweruka? Pa lamba unandionapo iwe?"

"Simunkandilola kulowamo."

"Ndinkafuna zala zako zikhale zowongoka. Ndipo taziona, zili bwanji?" A Oddny anatambasula dzanja. "Nanga kasanuko unakatenga kuti?"

"Kukhitchini. Mukamakonza nsomba ya chakudya chamadzulo, ndinkawerenga."

"Kuwerenga unawerenga bwino, pamenepo sindikunamizira. Koma ya kukhitchini inali nsomba imodzi, ya munthu wotopa. Patse mpeni."

Pa tebulo panali timipeni topakira batala. Ranveig anawapatsa kamodzi. A Oddny anapinda kansalu kopukutira pakamwa, n'kukagoneka patsogolo pawo, n'kukasisita kamodzi ngati akukapepesa. Kenako manja aja, manja okanika kumanga batani la juzi, ananyamuka. Ranveig sanathe n'kuwerenga komwe. Mpeni unkang'anima, kansalu kakutembenuka, dzanja likuponya kumbali chinthu chosaoneka n'kubwerera litagwira kale china. A Borghild sanaitanidwe. Anangotola mpeni wawo, n'kulowa pakati, ndipo nkhalamba ziwirizo zinayendera limodzi osayang'anana, timipeni tikugogoda tebulo, makapu a khofi akunjenjemera m'tisosala.

"Ndipo chachisanuchi," anatero a Oddny, manja osaima, "wachisandutsa chimwala bwanji? Poponya m'pamene mutu umadzuka. Zinayi zoyambazo ndi za fakitale, chachisanu chinali chathu. M'pamene unkaona amene wabwera ndi ndolo zatsopano. M'pamene tinkamutchula kapitawo dzina lake."

"Chimphuno!" anakuwa a Borghild, ndendende poponya.

"Ukwati wa Borghild uyu tinaukonzera pomwepo. Liwu limodzi pa nsomba iliyonse, kuchokera kwa ine mpaka kwa mlongo wake wa mnyamatayo kumapeto kwa lamba. Sabata zitatu."

"Zinayi. Ankachedwa kumva, malemu uja."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa a Oddny kunathera m'phuma. Mpeni unagwa. Anatsamira kumpando, milomo itachita buluu pang'ono, ndipo namwino anabwera mofulumira koma mosathamanga, monga amachitira anthu ozolowera. Ranveig anagwada pambali pa mpando, atagwira zala zokhota zija. Patapita kanthawi mpweya unabwerera.

"Kuzizira kunalipo," anatero a Oddny chapansipansi. "Msana unalipo. Sindikukana. Koma ine kumeneko ndinali katswiri, mwana iwe. Pa lamba wachitatu panalibe wondiposa. Iwe wandiika m'nyimbo ngati munthu wopempha." Anamusisita patsaya ndi kuseri kwa dzanja. "Kumvera munthu chisoni n'kwabwino, koma uzifunsa kaye."

Ranveig anatsikira kudoko wapansi. Poyamba anali wokwiya, tisaname. Miyezi inayi ya ntchito, anthu aiseka ndi timipeni ta batala! Anadutsa fakitale yotsekedwa ija, mazenera ake atakhomedwa matabwa, mbalame za kunyanja zitamanga zisa padenga. Atafika pamapeto pa doko mkwiyo unamuthera, manyazi n'kulowa. Zaka zonsezi wakhala akudandaula kuti anthu amamuikira phiri pachikuto asanamufunse. Nayenso anali atatenga mayi ake n'kuwaikira beseni la madzi ofunda, chifukwa ndi chithunzi chimene anali nacho, ndiponso chifukwa chimagwetsa misozi. Katswiri wa pa lamba wachitatu sanamudziwe n'komwe. Zinamuwawa kwambiri kuti wadziwa mochedwa chonchi.

Masiku awiri otsatira sanatuluke m'nyumba ya mayi ake, imene tsopano imangokhala yotseka. Anakhala pa tebulo la kukhitchini lomwe lija, ndi pensulo ndi labala, akudya buledi ndi tchizi ataimirira. Liwiro analiwirikiza. Ng'oma yaikulu anaichotsa pachisanu, n'kuikapo kamawu kamodzi kopepuka, kamene kamayambira pa lipenga laling'ono, ulendo wotsatira kali pa lina, kenako pa lina, kakuyenda mzere wonse mpaka kwa Gunhild. Munthu akalumikiza timawuto m'mutu, timapanga nyimbo ina yake yachipongwe yobisala m'kati mwa inzake. Koma zisanu zinali zisanube, ndipo miyendo ya anthu inali ikadali iwiri.

Lachinayi masana anapita kukawauza mayi ake kuti wakonza.

"Mukuyeserera nthawi yanji?"

"Sikisi koloko."

"Ndipita nawo."

"Amayi, dokotala..."

"Dokotala akaimbe yake. Ndikufuna ndikaone mmene Arnfinn akuiwonongera."

Namwino anawaloleza ola limodzi. Choncho madzulo amenewo, dzuwa likadali pamwamba, Ranveig analowa m'holo akukankha njinga ya olumala, m'menemo muli a Oddny atafunda mabulangeti awiri, chipewa chaubweya chitafika m'nsidze. A bandi anawapatsa moni mmodzimmodzi. Ambiri mwa iwo a Oddny ankawadziwa ndi mayina a amayi awo.

Poyamba anaimba ataima, kuti aizolowere. Pofika pakati a Arnfinn anali akugwedeza phewa, ndipo kamawu kachipongwe kaja katafika kwa Gunhild, n'kutuluka m'lipenga lalikulu ngati munthu wageya, holo yonse inaseka.

"Iyi ndiye nyimbo," anatero a Arnfinn. "Iyi ndiye nyimbo, sindikubisa. Tiyeni tiione pansi."

Pansi zinavuta kuposa kale. Pa liwiro limenelo sanafike n'pakati pa holo. Wina anadumpha kuti asinthe mwendo, wakumbuyo kwake n'kumugunda, chipewa cha wa ng'oma chinagubuduka mpaka pansi pa benchi. A Arnfinn anatsitsa kandodo mwakachetechete. Anabwera kwa Ranveig, ndipo nthawi iyi sankaseka.

"Waona wekha, mwana wanga. Ndikanakonda, koma sindingatulutse anthu mumsewu kuti akagwe pamaso pa tauni yonse."

Ranveig anayang'ana mapepala ake, n'kuyamba kuganiza kuti mwina angochotsa, mayi ake amve zinayi kusiyana n'kusamva kanthu.

"Arnfinn!" Mawu anachokera m'mabulangeti. "Tabwera kuno."

A Arnfinn, mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri, anapita msangamsanga. A Oddny anawalerapo ali khanda, mayi awo akadwala, ndipo nkhani imeneyi sinaiwalike mbali zonse ziwiri.

"Anthu akowa akukakamira mwendo umodzi chifukwa chiyani?"

"Ndi lamulo la bandi, mayi. Ng'oma imagwera kumanzere. Dziko lonse limaguba choncho."

"Dziko lonse linaimapo pa simenti ya madzi oundana? Ukakakamira mwendo umodzi, pofika masana zala zafa. Nsomba iyi, mwendo uwu. Nsomba inayo, mwendo winawo." Anapendekera kumanzere m'njingamo, kenako kumanja. "Uku. Uku. Tsiku lonse."

"Koma bandi imayamba ndi manzere."

"Yambani ndi manzere, wakukanizani ndani? Nsomba yachiwiri ndi ya kumanja, basi. Musamathamangire kukonza chinthu chosalakwika."

Gunhild anatsitsa lipenga lake pansi pang'onopang'ono.

"Amayi anga ankatero," anatero. "Potsuka mbale, pa mzere wa kusitolo, ngakhale kutchalitchi. Ife tinkawaseka kuti ali m'boti."

"Anganso," anatero wina kumbuyo.

"Azakhali anga mpaka tsiku lomwalira."

A Arnfinn anali akuyang'ana pansi. Akazi awo, malemu Sigrun, anagwira pa lamba woyamba zaka khumi ndi ziwiri, ndipo aliyense m'holomo ankadziwa chimene bamboyo akuona: mayi ataima pa chitofu, akupendekera uku ndi uku, iwo akuwerenga nyuzipepala osafunsa chifukwa chake. Anachotsa magalasi, anawapukuta ndi tayi nthawi yaitali, n'kuwavalanso.

"Pa mzere," anatero, mawu atasasa. "Musawerenge mapazi. Werengani nsomba."

Ulendo woyamba anafika pakati. Wachiwiri anafika kukhoma. Wachitatu anazungulira holo yonse, mzere ukupendekera kumanzere, kenako kumanja, anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi akuyenda monga ankaimira amayi awo. Sizinali zowongoka ayi, msilikali akanalira. Koma palibe anaponda mnzake. Ranveig anayang'ana mayi ake kuti aone nkhope yawo, n'kupeza atagona tulo, chibwano chili pachifuwa. Ola linali litakwana kale, ndipo nyimboyo anali asanaimvebe mpaka kumapeto.

Sabata yotsatira a Oddny sanadzuke pabedi masiku atatu. Ranveig ankakhala pambali pawo masana onse, akuwamwetsa madzi ndi kasupuni, akudziimba mlandu chifukwa cha ulendo wa kuholo uja. Tsiku lachinayi anapempha khofi. Lachisanu anakalipira namwino chifukwa cha mmene anawapesera tsitsi, ndipo namwinoyo anatuluka akumwetulira.

Pa 17 Meyi kunacha ndi kamphepo kochokera kunyanja, tinyenyeswa ta chipale chofewa tikuuluka apa ndi apo, monga zimakhalira kwathu chaka chilichonse. Zimenezo sizinaletse ana kudya ayisikirimu atavala magolovesi. A komiti anamusungira Ranveig malo pa nsanja pafupi ndi a meya, koma iye anapita kukhonde la okalamba. Anamwino anali atawatulutsa onse amene akanatha kutuluka, njinga zitandandalikana, aliyense ndi kambendera m'manja. A Oddny anali atachepa kwambiri m'sabata imeneyo. Kambendera kawo anawagwirira ndi Ranveig.

Ng'oma inayamba kumveka kumunsi kwa msewu. Kenako anatulukira pakona ya sitolo, a Arnfinn patsogolo ndi jekete lofiira, kumbuyo kwawo bandi yonse ikupendekera uku ndi uku, ana a sukulu akutsatira n'kumayesera nawo. Anthu ena m'mbali mwa msewu anaseka. Bambo wina wachikulire pakhonde pomwepo anati mokweza, "Aledzera m'mawa uno?" Koma kutsidya kwa msewu mayi wina wa imvi anagwira mnzake pamkono, n'kuloza, ndipo awiriwo anasiya kugwedeza mbendera. Pafupi nawo panali enanso atatu. Ranveig anawaona akuyamba kusuntha, mwendo uwu, mwendo winawo, ena akuseka, wina akupukuta m'maso ndi golovesi.

Ranveig sanawayang'ane mayi ake. Analibe mphamvu yowayang'ana. Anangomva a Borghild akuyamba kunena kanthu, ndiye dzanja la a Oddny likutuluka m'bulangeti n'kuwaletsa. Bandi inafika pansi pa khonde, a Arnfinn anakweza kandodo kupereka ulemu, kamawu kachipongwe kanayenda mzere wonse mpaka kwa Gunhild. Anadutsa. Anakwera kamtunda ka kutchalitchi, nyimbo ikuchepa, ndipo dzanja lija linali likadali m'mwamba. Linatsika pamene lipenga lomaliza linatseka ndipo kunangotsala phokoso la ana.

"Wa ng'oma uja akuthamanga," anatero a Oddny.

"Ndikamuuza, amayi."

"Usamuuze. Ifenso Lachisanu tinkathamanga."

Anamwino anayamba kulowetsa anthu m'nyumba, kumene kunali khofi ndi keke ya kirimu. Ranveig anagwira zogwirira za njinga kuti atembenuze, koma mayi ake anamukoka mkono wa jekete.

"Dikira. Zija za pa wailesi, ukadali nazo?"

"Ndili nazo."

"Zilipo zingati?"

"Makumi anayi ndi zitatu."

"Mayo ine. Zonse zazitali?"

"Zina zimakwana ola lathunthu."

A Oddny anayang'ana msewu umene unali utayamba kutha anthu. Milomo inkagwedera pang'ono, ndipo Ranveig anadziwa kuti akuwerengera masiku, ndiponso anadziwa chimene apeze.

"Ndiye tisachedwe," anatero. "Mawa ubwere m'mawa, ndisanatope. Usayambire koyambirira. Uyambe ndi imene umaikonda iweyo."

Ranveig anangowerama n'kuwakonzera bulangeti, ngakhale linali lisanagwe.